Chipilala cha pa Mphambano ndi Mangawa a Mlembi

M'buku la nthano yazithunzi lotchedwa Watchmen, lomwe adalemba Alan Moore nalijambula Dave Gibbons, muli mphambano ina ya mumzinda wa New York imene imabwerezedwa m'zigawo zingapo. Pamphambanopo pali kanyumba kogulitsiramo nyuzipepala, ndipo pambali pake pali chipilala chachifupi chachitsulo chomwe mnyamata wina amatsamira akamawerenga kabuku ka achifwamba a panyanja. Wowerenga wachangu angachiyese mpopi wa ozimitsa moto, pomwe ndi chotchajira magalimoto oyendera magetsi. Kanthu kameneka kamadzutsa funso lachikhalidwe: kodi mlembi ali ndi mangawa anji pa tinthu ta kumbuyo kwa chithunzi, timene anthu ambiri sadzationa n'komwe?

Bukuli lidatuluka m'zigawo 12 pakati pa 1986 ndi 1987 ku DC Comics, ndipo nkhani yake imachitika mu 1985. Chomwe chidapatutsa kwambiri mbiri ya dziko la m'nthanoyi ndi ngozi ya mu 1959 imene idasandutsa katswiri wa sayansi, Jon Osterman, kukhala Dr. Manhattan, wotha kuumba ndi kuphwasula chinthu chilichonse monga afunira. Chifukwa cha iye America idapambana nkhondo ya ku Vietnam ndipo Richard Nixon akadali pampando. Izi ndiye zikuluzikulu. Koma alembiwa adadzifunsanso kuti munthu wamphamvu zotere angasinthe motani msewu wamba. Yankho lawo lidali lithiyamu, mwala wopangira mabatire. Poti Dr. Manhattan amatha kuupanga wochuluka, magalimoto a petulo adatha ntchito ndipo zipilala zotchajira zidamera m'misewu.

Woyamba kulumidwa ndi kusinthaku ndi Hollis Mason, wapolisi amene ankalimbananso ndi zigawenga atavala chigoba. M'chigawo chachinayi, chaka cha 1962, Mason akupuma pantchito yachigobayo ndipo akuuza Dr. Manhattan kuti akakhala makaniko, chifukwa injini ndi chinthu chokhacho chomwe amachimvetsa bwino. Mnzakeyo, mopanda njiru iliyonse, akumuuza kuti magalimoto amagetsi ali m'njira. Tsono wowerenga akabwerera ku chigawo choyamba amapeza kuti chikwangwani cha pagalaja ya Mason chidanena kale kuti mwini wake amakonza makamaka magalimoto achikale. Poyamba chikwangwanicho chimaoneka ngati nthabwala yonena za ukalamba wa mwini galaja. Pachiwiri chimasimba za mmisiri amene luso lake lidathetsedwa tsiku lomwe adaganiza zolidalira.

Chipilala chija chimatulukiranso m'chigawo cha 11, pamene Adrian Veidt, mponda matiki amene akudziyesa mpulumutsi wa dziko, akuulula kuti umwini wa luso la zipilalazo udali wake, ndipo phindu lake ndi lomwe lidalipira mbali ina ya chiwembu chake. Chiwembucho chidapha khamu la anthu a mu New York pofuna kuopseza maiko kuti aleke kukonzekera nkhondo ya mabomba a nyukiliya. Mwa ophedwawo mudali mnyamata uja ndi wogulitsa nyuzipepala. Kwa masiku onse aja mwanayo ankatsamira chinthu chomwe chidathandiza kugula imfa yake.

Ena angatsutse kuti kulondola tinthu totere n'kungotaya nthawi, pakuti nthano si kaundula wa bwalo la milandu, ndipo ngakhale gogo wosimba nthano madzulo amasinthasintha mtundu wa nsalu ya kalulu popanda wina kudandaula. Mfundoyi ili ndi choona chake. Komabe kugwirizana kwa nkhani kuli pawiri. Pali kugwirizana kwa maonekedwe, monga mtundu wa malaya kapena mbali yomwe kuli chitseko, ndipo kuphonya pamenepa ndi ulesi chabe. Palinso kugwirizana kwa zotsatira, komwe kumafuna kuti mlembi akaika mphamvu yaikulu m'dziko lake aonetsenso amene apindula nayo ndi amene aluza. Kuphonya apa kumayandikira bodza, chifukwa kumaphunzitsa wowerenga kuti zochita za akuluakulu zimathera pa akuluakulu omwewo. Akale adaona kuti njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu. M'nthano yazithunzi udzuwo umakhala kumbuyo kwa chithunzi, ndipo wojambula amene saulabadira wasankha kale mbali.

Kanema wa Zack Snyder wa mu 2009 amapereka umboni wake. M'menemo mphamvu zatsopano zolowa m'malo mwa mafuta zikadali lonjezo lomwe Veidt ndi Dr. Manhattan akulikonza. Kusinthaku kudafupikitsa nkhani, ndipo opanga kanema adali ndi ufulu wotero. Koma kudachotsa ulusi umene udamanga pamodzi galaja ya Mason, chuma cha Veidt ndi msana wa mnyamata uja. Chotsala ndi munthu wamphamvu ngati mulungu amene wakhala m'dziko zaka zoposa 25 osakhudza kwenikweni ntchito ya mmisiri wamba.

M'dziko lenileni magalimoto amagetsi adafika popanda Dr. Manhattan, motero lithiyamu wake amachita kukumba. Wina amachokera ku mgodi wa Bikita m'chigawo cha Masvingo ku Zimbabwe, dziko lomwe mu December 2022 lidaletsa kutumiza kunja mwalawu usadakonzedwe, pofuna kuti phindu lina lizitsala kwawo. Pazithunzi zotsatsa magalimotowa wokumba mwala saoneka, monganso makaniko wa injini ya petulo. Wophunzira amene wazolowera kufunsa kuti chipilala cha pamphambano chidachokera kuti, ndipo adachilipira ndani, adzafunsa funso lomwelo akaona chotchajira chenicheni m'mphepete mwa msewu wa ku Harare kapena Johannesburg.