Kodi mbuzi ya pamsewu amaidyetsa ndani?

Aliyense woyendetsa galimoto pamsewu wa N7, kucokera ku Tete kupita ku Zóbuè, kapena wopatukira ku Ulónguè ndi Calómuè, amalidziwa dzanja la wapolisi wa pamsewu likakwezedwa. Amawadziwanso mau akuti "refresco", omwe satanthauza cakumwa ayi. Anthu amati mbuzi imadya pomwe yamangidwa. Funso langa ndi ili: nanga udzuwo amabweretsa ndani?

Lamulo la pamsewu, Código da Estrada la caka ca 2011, limalola wapolisi kuimitsa galimoto ndi kufunsa karata yoyendetsera, livrete, seguro ndi pepala la inspecção. Kukana kuima ndi mlandu. Koma multa ili ndi njira yake. Imalembedwa papepala losonyeza comwe walakwa ndi ndalama zake, ukalipira umalandira lisiti, ndipo ngati sunalakwe uli ndi ufulu wokadandaula. Ndalama yopindira m'kati mwa karata si multa, ndi ciphuphu, ndipo malamulo a dziko lino amalanga wolandira ndi wopereka yemwe.

Madalaivala ali ndi yankho lao. Wina wanyamula tomato wa ku Angónia, dzuwa likuswa mtengo, akacedwa katundu aonongeka. Multa ndi yaikulu, refresco ndi wocepa. Munthu wotere sindifulumira kumuweruza, pakuti wamphamvu pamalo paja ndi wovala yunifomu, ndipo mlandu waukulu ndi wake.

Komabe tiyeni tione comwe ndalama ija imagula. Chapa ya mabuleki akutha ikadutsa cifukwa ca mametikali ocepa, mabulekiwo sakonzeka. Wodzalipira ndi mai uja wakhala kumbuyo, mwana ali pamiyendo, yemwe sanafunsidwe kanthu. Ndipo wosalakwa akapereka cifukwa ca mantha, amaphunzitsa wapolisi kuti mapepala abwino ndi oipa mtengo wake ndi umodzi. Mawa adzaimitsidwanso, iye ndi anzake.

Ndiye ine ndikuti udzuwo timabweretsa ndife, ena mokakamizidwa, ena pofuna kubisa colakwa. Wofuna ufulu wake ayambe wakonza galimoto ndi mapepala. Akaimitsidwa apereke moni mwaulemu, afunse comwe walakwa, kenako anene kuti: "Lembani multa, bwana." Mmodzi akanena yekha adzacedwetsedwa padzuwa, pakuti cala cimodzi siciswa nsabwe. Koma madalaivala onse a pasiteji imodzi atagwirizana, mbuzi ija idzazolowera kudya malipiro ake a pamwezi.