Kodi Woyatsa Nyale za Diwali Si Mzambia Mnzako?

Wacinyamata mnzanga, pa 24 Okutobala 2022 Zambia inakwanitsa zaka 58 za ufulu. Tsiku lomwelo linali la Diwali, pamene Ahindu, monga a ku Lusaka ndi ku Chipata, amayatsa nyale pokumbukira kuti kuwala kumagonjetsa mdima. Kodi phwando lotere liri ndi malo pa sukulu zathu?

Ena amati: "Mu 1991 a Chiluba analengeza kuti Zambia ndi dziko la Cikristu, tsono za Ahindu zitikhudza bwanji?" Koma malamulo a dziko lomweli amapatsa aliyense ufulu wa cipembedzo. Kumbukiranso kuti a Kaunda anatengera kwa Gandhi, Mhindu, nzeru yomenyera ufulu popanda ciwawa.

Taona kuno ku Chongwe. Pa Chakwela Makumbi Asoli amapempha mvula, ndipo Mngoni kapena Mtonga amabwera kudzaonerera, koma sasanduka Msoli. Cimodzimodzinso iwe: kumvetsera mnzako akamafotokoza za Diwali m'kalasi, kapena kulandira maswiti ace, si kugwadira milungu yace. Kupembedza ndi kwa Mulungu wako yekha, koma ulemu ndi wa munthu aliyense.

Kukonda dziko si kuimba nyimbo ya fuko cabe pamene mbendera ikwera. Ndi kukonda anthu okhalamo. Ukamucha mnzako mlendo cifukwa ca cipembedzo cace, ngakhale anabadwira muno, wang'amba mbendera imene uimbira. Yesu atafunsidwa za mnansi, anasonyeza Msamariya, munthu wa cipembedzo cina. Nanga iwe mnansi wako ndani?