Msika wa Wogulitsa Mmodzi

Pali funso limene makolo athu a ndale anakumana nalo m'chaka cha 1958, ndipo ife ana awo tikukumana nalobe mpaka lero: kodi nkoyenera kuti anthu apereke kwa munthu mmodzi ufulu wawo wosankha atsogoleri, pofuna kuti pakhale umodzi? Funsoli limaoneka ngati la anthu ophunzira okha, koma mayi aliyense wogula ndiwo pa msika wa Nkhata Bay yankho lake amalidziwa. Tsiku limene asodzi abwera ambiri, mayiyo amayenda mulu ndi mulu, kuyang'ana maso a nsomba, kunenerera mtengo, mpaka kupempha mbasela. Koma tsiku limene mwera wavuta pa nyanja, usipa nkupezeka ndi munthu mmodzi yekha, mtengo umakhala wa mwini nsomba, ndipo ngakhale zitayamba kununkha, wogula amangolandira. Sikuti wogulitsa uja wasanduka woipa mtima usiku umodzi ayi. Changosowa ndi chomukumbutsa kuti wogula angathe kupita kwina.

Tatchula Nkhata Bay mwadala, pakuti nkhani ya zisankho za m'kati mwa chipani m'dziko lathu lino mizu yake ili pa tauni imeneyi. Dr. Hastings Kamuzu Banda anatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958, atakhala kunja zaka zoposa 40. Pa 1 Ogasiti chaka chomwecho, nthumwi za chipani cha Nyasaland African Congress zinasonkhana ku Nkhata Bay ndi kumusankha kukhala mtsogoleri wawo wamkulu. Kusankhako kunalibe cholakwa. Koma pa msonkhano womwewo nthumwizo zinamupatsanso mphamvu yoti adzisankhire yekha akuluakulu ena onse a chipani. Motero Dunduzu Chisiza anakhala mlembi wamkulu, Henry Masauko Chipembere msungichuma, Kanyama Chiume wofalitsa nkhani, onsewo mwa kuloza kwa chala cha munthu mmodzi. Kuyambira tsiku limenelo, wofuna udindo m'chipani sanayang'anenso kwa anthu a m'midzi. Maso ake anali pa nkhope ya mtsogoleri.

Tisafulumire kuwaweruza anthu amenewa, chifukwa zimene anachitazo anali nazo zifukwa zomveka. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinakhazikitsidwa mu 1953 anthu akuda akuchikana, chinali chitalemera pa mapewa a dziko. Chipani cha Kongeresi chinali chofooka ndi mikangano, ndipo mtsogoleri wake wakale, T.D.T. Banda, mwana wa ku Nkhata Bay komweko, anali atachotsedwa kumayambiriro kwa chakacho pa nkhani za ndalama za chipani. Anyamata aja ankadziwa kuti mafumu ndi akuluakulu a m'midzi sangamvere ana. Ankafuna munthu wa imvi, wophunzira, amene dziko lonse likanaima kumbuyo kwake. Ndipo umodzi umenewo unabala zipatso. Pa 3 Malichi 1959, pa doko la Nkhata Bay lomweli, anthu osachepera 20 anaomberedwa ndi asilikali pamene anasonkhana kufuna abale awo amene anatsekeredwa m'sitima ya Mpasa. Anthu ogawikana mitima sakanaima chotero pamaso pa mfuti. Chitaganya chinatha mu 1963, ndipo pa 6 Julayi 1964 dziko linalandira ufulu wodzilamulira.

Nanga cholakwa chinali pati? Chinali pa kusiyana kwa kubwereka ndi kupereka. Pa nthawi ya nkhondo kapena ya mliri, anthu angathe kubwereketsa mphamvu zawo kwa mmodzi, monga momwe apaulendo a m'bwato amamvera wogwira chiwongolero pamene mafunde akula. Koma chobwereka chimakhala ndi tsiku lobwezera. Mphamvu ya ku Nkhata Bay inaperekedwa yopanda tsiku, yopanda malire, yopanda njira yoitengeranso. Ndipo mphamvu yotero siibwerera yokha kwa eni ake.

Tiyeni titsate mapazi ake. Kongeresi italetsedwa mu 1959, loya Orton Chirwa, nayenso wa ku Nkhata Bay, anayambitsa chipani cha Malawi Congress Party pa 30 Seputembala chaka chomwecho, akuthandizana ndi mnyamata Aleke Banda wa ku Tukombo. Dr. Banda atatuluka m'ndende ya Gwelo pa 1 Epulo 1960, Chirwa anamusiyira mpando mwaulemu. M'chaka chomwecho, ku msonkhano wa ku Nkhotakota, Dr. Banda analengezedwa kukhala mtsogoleri wa muyaya wa chipani. Mu 1961 chipanicho chinapambana kwambiri pa chisankho. Mu 1964 mipando yonse 50 ya anthu wamba inatengedwa popanda wopikisana naye, ndipo palibe amene anaponya voti. Mu Seputembala chaka chomwecho, nduna zitadandaula za ndalama ya tiki imene odwala ankalipira m'zipatala, za kuchedwa kukweza anthu akuda pa ntchito za boma, ndi za ubale ndi maboma a azungu a kumwera, yankho linali kuchotsedwa. Chirwa, Chiume, Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo anachotsedwa. Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Chipembere anatula pansi maudindo. Ambiri a iwo anathawira kunja. M'nyumba imene iwo eni anamanga munalibe khomo lotulukira madandaulo.

Mu 1966 malamulo anakhazikitsa chipani chimodzi chokha m'dziko, ndipo mu 1971 mtsogoleri wa muyaya wa chipani anakhala mtsogoleri wa muyaya wa dziko. Taonani dongosolo lake: umuyaya unayamba m'chipani, nkutha zaka 11 usanafike ku boma. Zimene chipani cholamula chizolowera m'nyumba mwake, mawa chimaziika m'malamulo a dziko. Pa zisankho za 1971 ndi 1976 anthu sanavote. Maina ankachokera m'madera kupita kwa mtsogoleri, iye nkusankha aphungu. Ngodya zinayi zija, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, ndi makhalidwe abwino ndithu, koma pakati pawo panalibe ngodya ya kufunsa.

Ndipo popeza panalibe njira yovomerezeka yosankhira wolowa m'malo, aliyense wooneka ngati angadzalowe m'malo ankasanduka mdani. Albert Muwalo Nqumayo, mlembi wamkulu wa chipani, ananyongedwa mu 1977. Aleke Banda anakhala m'ndende kuyambira 1980 mpaka 1992 popanda kuzengedwa mlandu. Dick Matenje, mlembi wamkulu wina, anaphedwa ku Mwanza mu Meyi 1983 pamodzi ndi Aaron Gadama, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga. Orton Chirwa, tate wa chipanicho, anagwidwa mu Disembala 1981 pamodzi ndi mkazi wake Vera, anaweruzidwa kuti aphedwe mu 1983, chilango nkusinthidwa kukhala ndende ya moyo wonse, ndipo anamwalira m'ndende ya Zomba pa 20 Okutobala 1992. Kumene kulibe bokosi loponyamo voti, mikangano ya maudindo siitha ayi. Imangosamukira ku mdima.

Munthu wamba naye sanapulumuke. Achikulire athu akukumbukira kuti pa zipata za misika ndi pokwerera basi pankaima anyamata a chipani ofunsa khadi. Wopanda khadi sankagulitsa ufa wake wa kondowole, sankagula mchere. Mphamvu imene nthumwi zinapereka ndi manja awiri pa msonkhano inabwerera kwa ana awo itavala yunifolomu, itaima pa chipata cha msika. Nchifukwa chake kalata ya maepiskopi athu ya pa 8 Malichi 1992, imene inawerengedwa m'matchalitchi Lamulungu loyamba la Lenti, inagwedeza dziko: inanena poyera zimene anthu ankanong'onezana, kuti munthu ali ndi ufulu woganiza mosiyana ndi kunena maganizo ake. Monsinyo John Roche, amene ankayang'anira dayosizi ya Mzuzu, mmene mulinso Nkhata Bay, anathamangitsidwa m'dziko patangopita milungu yochepa. Koma pa 14 Juni 1993 anthu anasankha nyali m'malo mwa tambala wakuda, ndipo mu Meyi 1994 boma linasintha.

Kodi pamenepo matenda anatha? Zipani zinachuluka, koma chizolowezi cha ku Nkhata Bay chinalowa m'nyumba zatsopano. Mu 2002 panabwera maganizo ochotsa malire a nthawi ya pulezidenti, amene malamulo athu amati ndi zigawo ziwiri zotsatana za zaka zisanu. Maganizowo anagwa m'Nyumba ya Malamulo ndi mavoti ochepa chabe. Mu 2003 Bakili Muluzi analoza Bingu wa Mutharika kuti ndiye adzaimire chipani cha UDF, ndipo mmodzi mwa amene anatuluka m'chipanicho podandaula anali Aleke Banda yemwe uja. Mu 2005 Mutharika anasiya chipani chimene chinamuika pa mpando nkuyambitsa DPP. Mu Disembala 2010 chipanicho chinachotsa Joyce Banda, wachiwiri kwa pulezidenti wa dziko, pa mikangano ya wolowa m'malo. Mu Ogasiti 2024 zipani ziwiri zazikulu, MCP ndi DPP, zinachititsa misonkhano yawo yaikulu, ndipo konse kuwiri mpando wa mtsogoleri unalibe wopikisana nawo. Kumunsi nakonso madandaulo a zisankho za chipulula samatha, ndipo si chinthu chodabwitsa kuti pa chisankho cha 2019 aphungu oima paokha anapambana mipando 55 mwa mipando 193. Ambiri mwa iwo anali ana a zipani amene anaona kuti khomo la kwawo latsekedwa.

Wina anganene kuti za m'chipani ndi za eni chipani, ife osavala makaka ake zikutikhudza bwanji? Zikutikhudza chifukwa pa tsiku la chisankho timasankha pakati pa maina amene ena anatisankhira kale. M'dera limene chipani chimodzi chili ndi mphamvu zoposa, chisankho chenicheni chimachitika pa chipulula. M'dziko limene chipani chimodzi chikulamula, tsogolo la anthu mamiliyoni limapangidwa ndi nthumwi zodzaza holo imodzi. Ngati nthumwizo zagulidwa ndi chitenje, ndalama ya basi ndi envulopu, ndiye kuti dziko lonse lagulitsidwa pa mtengo wa mbasela. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa zinthu pofuna kukopa ovota, koma lamulo silingalowe mu mtima wa nthumwi imene yatambasula kale dzanja.

Winanso angati, nanga mtsogoleri akakhala wabwino, wokondedwa ndi onse, nkulakwa kodi kumusiya wopanda wopikisana naye? Si kulakwa, ngati anthu akhala chete chifukwa chokhutira. Koma chete wa kukhutira ndi chete wa mantha amamveka chimodzimodzi m'khutu, ndipo mtsogoleri mwini sangawasiyanitse. Njira yowasiyanitsira ndi mafunso atatu. Kodi voti ndi yachinsinsi, kapena anthu amaima pa mzere kumbuyo kwa amene akumufuna, mabwana akuwerenga nkhope? Kodi udindo uli ndi tsiku lothera lodziwika kwa onse? Ndipo kodi wopikisana ndi mtsogoleri, akagonja, amagona m'nyumba mwake mwamtendere, mawa nkukhalanso pa mpando wake m'chipani? Chipani choyankha inde pa mafunso onse atatu chingalamule zaka zambiri popanda kuopsa munthu. Choyankha ayi nchoopsa ngakhale chisanalowe m'boma.

Tionjezerepo kuti chisankho choona ndi chifundo kwa mtsogoleri mwini. Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Munthu amene anzake onse anawaika yekha pa maudindo samva china koma mawu ake omwe akubwerera kwa iye. Njala ikafika m'midzi, iye amamva kuti anthu akhuta. Akakalamba, palibe wolimba mtima womuuza kuti, "Bambo, pumulani." Kumuchotsera munthu onse omutsutsa ndi kumusiya yekha pa nyanja usiku wopanda nyali za kumtunda.

Khalidwe limeneli siliphunziridwa ku Lilongwe. Limayambira pa komiti ya msika, pa komiti ya sukulu, m'banki m'khonde, mu mphakati, pamene wapampando wakhala zaka khumi ndipo tsiku la chisankho wina angoimirira nkunena kuti, "Omwewo apitirize," onse nkuomba m'manja pofuna kupewa kuyang'anizana. Ana athu amaona zimenezi. Akaona kuti mayi wawo anapikisana, nagonja, nagwirana chanza ndi wopambana, ndipo Lamulungu lotsatira akhala pa benchi limodzi, aphunzira phunziro limene nthumwi za 1958 zinalibe mpata wolilingalira. Choncho amene muli ndi makadi a zipani, funsani malamulo a chipani chanu, funsani tsiku la msonkhano waukulu, kanani kuvota moonetsa nkhope. Amene mudzatumidwe ngati nthumwi, kumbukirani kuti voti imene mwanyamula si yanu. Ndi ya anthu amene anakutumani, ndipo mulibe ufulu woigulitsa kapena woipereka kwa munthu mpaka muyaya. Mtsogoleri timupatse ulemu, timuthandize ndi mtima wonse pa zabwino, koma mphamvu timubwereke chabe, tsiku lobwezera litalembedwa.