Agogo Akadwala Mwadzidzidzi, Alankhule Ndani?

Munthu wokalamba akhoza kudwala mwadzidzidzi. M'mawa anali kumunda. Madzulo pakamwa papotoka, dzanja limodzi lafooka, mau sakumveka. Matenda otere sadikira kuti malume abwere kudzalamula. Amene ali pafupi ndiye anyamule wodwala, pa njinga, pa ngolo kapena pa macila, apite naye ku cipatala. Ngati akulephera kumeza, tisam'mwetse madzi kapena phala, angatsamwe.

Ku zipatala zazikulu, monga ca ku Ulongwe ndi ca ku Tete, kuli cipinda colandirira odwala mwadzidzidzi. Pa Cipwitikizi amati Banco de Socorros. Kumeneko wacibale ali ndi nchito yaikulu. Anamwino sawadziwa agogo. Owadziwa ndife. Tinene nthawi imene matenda ayamba. Tionetse khadi la cipatala ndi mankhwala onse amene amamwa. Ngati amwa mankhwala a kwa sing'anga, tinenenso. Manyazi asatibisitse zoona.

Koma pali funso lovuta. Okalamba ambiri sadziwa Cipwitikizi, ndiye mdzukulu amamasulira. Dotolo afunsa kuti, "Pakupweteka ndi pati?" Mdzukulu ayankha agogo asanatsegule pakamwa. Dotolo anena kuti pafunika opaleshoni. Ana apangana panja, mwini wace osauzidwa. Ena amati, "Tikuopa kuti angacite mantha." Ena amati, "Ndalama za ulendo tapereka ndife." Kodi kutero ndi cilungamo?

Iai. Thupi ndi lao, moyo ndi wao. Kukalamba si kubwerera ku ubwana. Womasulira apereke mau a dotolo onse kwa agogo, ndi mau a agogo onse kwa dotolo. Asaonjeze, asacotse.

Nanga agogo akakana kugonekedwa, nati akafere kwao? Tisawanamize, tisawakalipire. Tipemphe namwino afotokozenso pang'onopang'ono za matendawo ndi za cithandizo cimene cilipo. Nthawi zambiri munthu amakana cifukwa sanamvetse. Akamvetsa, mau ao alemekezedwe.

Akakomoka kapena mutu ukasokonezeka, pamenepo ndi pamene timalankhula m'malo mwao. Ngakhale pamenepo, tinene zimene iwo akadafuna, osati zimene zingaticepetsere ife mavuto.

M'caka ca 2014 dziko lathu la Mozambique linakhazikitsa lamulo loteteza ufulu wa okalamba, a zaka 60 kupita m'tsogolo. Lamulo lili pa pepala, koma pa bedi la wodwala pamakhala ife abale. Paja akuluakulu anati, mako ndi mako, usamuone kucepa mwendo.

Tikambirane:
1. Kodi tiwauze ciani anamwino tikafika ndi wodwala?
2. Ndi liti pamene wacibale ayenera kuyankha m'malo mwa agogo?
3. Kodi kudziwa kuwerenga kumathandiza bwanji wodwazika matenda?