Usanapite ku situdiyo, khala pansi ulembe

Mphwanga, ndalama ya situdiyo waipeza. Kaya wagulitsa foni yakale, kaya wagwira ganyu wosenza njerwa, kaya amalume a ku Johannesburg akukumbukira. Biti nayo uli nayo, ikugunda m'makutu usiku ndi usana. Koma ndikufunse: mawu ali kuti? Anzako ambiri amalowa m'kachipinda kojambulira ali ndi mizere inayi yolembedwa m'minibasi, yotsalayo n'kumaipeka pomwepo, wojambula akuyang'ana wotchi. Nyimbo imatuluka, amaitumiza pa WhatsApp, mwezi usanathe yazilala. Kenako timamva kuti mawailesi ali ndi tsankho, kuti Amalawi sakonda zakwawo. Tsankho lilipo, sindikukana. Koma nyimbo zambiri zimafa chifukwa mulibe kanthu koti womvera apite nako kunyumba.

Iwe usafe imfa imeneyo. Dziko lino linabala kale anthu amene anagwedeza mitima ndi zida zoti ena akanaziseka. Allan Namoko wa ku Thyolo anali wosaona. Chida chake chinali banjo, anzake a Chimvu River Jazz Band akuomba ng'oma zopanga okha. Anatisiya mu 1995, koma nyimbo yake ikalira lero m'basi, akuluakulu amasiya nkhani n'kuyamba kugwedeza mitu. Chimene chimawagwira si makina, poti makinawo kunalibe. Ndi nkhani: ana amasiye, maukwati osokonekera, maliro, mijedo ya pamudzi. Munthu wopanda maso ankaona moyo wa anthu kuposa ife openya, chifukwa makutu ake sankagona.

Ndiye tsegula makutu. Pita ku chigayo ukamve mmene amayi amanenera za amuna awo popanda kutchula dzina. Khala pa siteji ya akabaza masana dzuwa likuswa mtengo, umve mmene mnyamata amalankhulira ndi kasitomala wofuna kutsitsa mtengo. Pa maliro, mvetsera bwino mwambo wa mawu, mmene amfumu amapepesera anamfedwa kwinaku akudzudzula achibale amene sanabwere kudzadwazika. Anthu athu amalankhula ndakatulo tsiku ndi tsiku osadziwa. Yenda ndi kope ndi cholembera, kapena jambula mawu ako pafoni, koma usadalire mutu. Mzere wabwino umabwera uli pamzere wa kubanki, ukafika kunyumba wathawa.

Titenge nyimbo ya chikondi, poti ndi imene aliyense amayambira. Ukalemba kuti mtsikanayo ndi wokongola, umamukonda kwambiri, sugona tulo chifukwa cha iye, sunaname ayi. Vuto n'lakuti anyamata ena ambirimbiri, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje, alemba zomwezo sabata yomwe ino. Tsono kumbukira mtsikana weniweniyo. Kodi si uja anasunga nambala yako m'foni mwake ndi dzina loti "Wamakala" kuti amayi ake asamutulukire? Lemba zimenezo. Lemba kuti ukamuimbira amayi ake ali pafupi, amayankha mokweza kuti thumba la dzana linali lonyowa. Womvera aseka, kenako akumbukira bodza lake lomwe ankanama ali pa msinkhu umenewo, basi nyimbo yalowa m'magazi. Sunatchule chikondi ngakhale kamodzi, koma aliyense wachiona. Ukafuna kuimba za umphawi, usatiuze kuti moyo ndi wovuta, tikudziwa kale. Tionetse mwana akubisa sopo wochapira m'chikwama cha kusukulu, kapena bambo akunamizira kukhuta kuti ndiwo zikwanire ana.

Pali msampha wina umene Chichewa chimatchera oimba achinyamata, makamaka a hip hop ndi dancehall. Mawu athu onse amathera ndi lembo la liwu, ndipo aneni ambiri amathera ndi a. Choncho raimu m'Chichewa ndi yotchipa. Ukhoza kulumikiza kuyenda, kukonda, kudwala, kuvala mpaka mawa, mizere n'kumagwirizana bwinobwino kumapeto, koma usananene chilichonse. Usanyadire zimenezo. Mphamvu ya nyimbo zathu inagona kwina: m'kubwereza mawu mwadala, m'mwambi woponyedwa pamalo pake, m'mawu aja ojambula chinthu ndi mkokomo wake, monga kuti munthu anangoti zii, mtima unangoti phwii, misozi ili mbwembwembwe. Chingerezi chilibe mawu ojambula ochuluka chotere. Iwe chuma chimenechi uli nacho chaulere, ukuchisiyiranji?

Komanso lemekeza kayendedwe ka chilankhulo. Chichewa chili ndi nyimbo yakeyake. Mawu amakwera ndi kutsika, ndipo pothera pa chiganizo timakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Ukakakamiza mawu kuti alowe m'biti yomwe inapangidwira Chingerezi kapena chilankhulo cha ku Lagos, amathyoka, womvera n'kumafunsana kuti akuti chiyani. Yankhula mzerewo kaye ngati ukucheza ndi mnzako, umve pamene ukukwera ndi pamene ukutsika, kenako uimbe motsata njira yomweyo. Ikakana, sintha biti, osati kupotoza pakamwa. Kusakaniza Chichewa ndi Chingerezi si tchimo, ndi mmene timalankhulira m'tauni. Koma Chingerezicho chilowe chifukwa chili ndi ntchito, osati chifukwa Chichewa chakuthera.

Kolasi ikhale yoti anthu avomere. Kuyambira kumaganyu olima mpaka kukwaya, kwathu kuno mmodzi amatsogolera, gulu n'kuyankha. Siyira anthu malo m'nyimbo yako.

Ndipo usaope nkhani zolemera. Agogo athu aakazi ankaimba pamtondo zinthu zimene sakanatha kunena pamaso pa apongozi, uthenga n'kufika, mlandu osapezeka. M'nthawi ya chipani chimodzi, pomwe lamulo la 1968 linapatsa boma mphamvu zounika ndi kuletsa nyimbo ndi mabuku, oimba anaphunzira kubisa mawu, ndipo lusolo linawanola. Dziko likulowa m'ndale za zipani zambiri, Lucius Banda wa ku Balaka anatulutsa chimbale cha Son of a Poor Man, ndipo nyimbo ya "Mabala" inanena poyera zowawa zimene anthu ankangonong'onezana. Anali mnyamata wa zaka za m'ma 20, ngati iweyo. Pamene ankamwalira mu Juni 2024, dziko lonse linkamutchula kuti Soldier, msilikali wa amphawi. Dzina lotere siligulidwa ndi vidiyo ya galimoto zobwereka. Joseph Nkasa naye anthu anamutcha Phungu chifukwa cha mmene amalukira Chichewa, mpaka womvera kumabwereza nyimbo kuti atole zomwe zinamudutsa. Uwamvere anthu amenewa ngati mwana wasukulu, uone mmene amayambira nkhani, pomwe amaikhotetsa, pomwe amasiya womvera amalize yekha. Koma usabe mizere yawo, ndipo usavale mawu awo. Malawi safuna Lucius wachiwiri.

Tsono ntchito yeniyeni ndi iyi: kufufuta. Vesi yoyamba kutuluka m'mutu kawirikawiri imakhala madeya, ufa uli m'kati, umafuna kupeta. Lemba, ugone, mawa uwerenge mokweza. Mzere uliwonse uufunse kuti ukugwira ntchito yanji. Umene wangobwera kudzadzaza biti, uchotse ngakhale ukukoma. Ukatero kaimbire anthu osakuopa. Anzako a pagulu adzati ndi moto, chifukwa amakukonda. Kaimbire azakhali ako akusankha nyemba pakhonde, popanda biti, popanda makina okometsa mawu. Akakufunsa kuti kenako zinatha bwanji, dziwa kuti wagwira. Akapitiriza kusankha nyemba osadzutsa mutu, bwerera ku kope. Zimawawa, koma mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Usathamangire kuchulukitsa. Evison Matafale wa ku Chileka anamwalira mu Novembala 2001 atatulutsa zimbale ziwiri zokha, Kuimba 1 ndi Kuimba 2, koma mpaka pano anthu amasonkhana kwawoko kumukumbukira, ndipo a Black Missionaries akupitirizabe dzina la Kuimba. Usadandaulenso kuti uli kutali ndi mwayi. Akaidi a kundende ya Zomba anajambulidwa nyimbo zawo mu 2013, zambiri zopeka okha, ndipo chimbalecho chinalowa pa mndandanda wopikisana pa mphoto za Grammy za 2016, koyamba m'mbiri ya Malawi. Ngati munthu wotsekeredwa anapeza choimba, iwe woyenda momasuka ukusowa chiyani? Giddes Chalamanda anabadwa mu 1930 ku Chiradzulu, anaimba moyo wake wonse ndi gitala, nthawi zambiri osapeza phindu looneka. Mu 2020, ali ndi zaka 90, anakhala pansi ndi Patience Namadingo n'kuimbanso nyimbo zake zakale, ndipo "Linny Hoo" inafalikira pa TikTok mpaka kumayiko kumene sadziwa liwu limodzi la Chichewa. Sindikuti udikire ukalamba, ayi, njala sidikira. Ndikuti nyimbo ija inapezeka ili yamoyo pamene mwayi unafika, chifukwa inalukidwa bwino.

Ikatha nyimbo, iteteze. Bungwe la COSOMA, loteteza ntchito za eni luso, lilipo kuyambira 1992, ndipo lamulo loteteza eni luso linakonzedwanso mu 2016. Kalembetse nyimbo zako. Ngati mwalemba awiri, kapena biti ndi ya wina, gwirizanani papepala za gawo la aliyense nyimbo isanatuluke, mukadali kuseka limodzi. Maubwenzi ambiri a oimba atha tsiku limene ndalama yoyamba inalowa.

Ndalama ya situdiyo ija isunge sabata ina, siwola. Madzulo ano zimitsa data, tenga kope, ulembe dzina la munthu mmodzi amene nkhani yake imakusowetsa mtendere, ndi chinthu chimodzi chimene unamuona akuchita ndi manja ake. Yambira pamenepo. Vesi yoyamba ikatuluka yoipa, lemba yachiwiri pansi pake.