Mpeni Wociritsa ndi Mpeni Wokongoletsa

Tonse timafuna kuoneka bwino. Ici si cacilendo. Makolo athu kuno ku Marávia anali kutema mphini pankhope ndi pamimba. Ena anali kusema mano. Akazi a Cimang'anja a m'mbali mwa Shire anali kuboola mlomo ndi kuikamo pelele. Zinali zowawa, koma anapirira kuti akongole. Lero pelele sitiionanso, ndipo ana athu amadabwa akamva za iyo. Cokongola cimasintha ndi nthawi, koma cipsera cimatsala pathupi.

Masiku ano m'mizinda ikuluikulu muli madotolo amene amaceka munthu wosadwala. Amacepetsa mphuno, amakuza mabere, amapopa mafuta a pamimba. Tsono tifunse: kodi ndi bwino kupereka thupi lamoyo ku mpeni cifukwa ca kukongola cabe?

Mpeni wociritsa timaudziwa. M'caka ca 1984 dziko lathu la Mozambique linayamba kuphunzitsa anthu amene sanali madotolo kuti azicita opaleshoni m'zipatala za kumidzi, cifukwa madotolo anali ocepa. Mayi akalephera kubereka, amamuceka, ndipo iye ndi mwana amapulumuka. Opaleshoni iriyonse iri ndi ngozi zake. Magazi angathe kutayika ambiri. Mankhwala ogonetsa angathe kuimitsa mtima. Bala lingathe kucita mafinya. Mayi uja amavomera ngozizi cifukwa imfa iri kale pakhomo. Koma munthu wamoyo akagona pabedi lomwelo, ngozi amaziitana yekha.

M'mwezi wa Okutobala 2005, Stella Obasanjo, mkazi wa pulezidenti wa Nigeria wa nthawi imeneyo, anapita ku Spain kukapopetsa mafuta a m'thupi. Citsulo copopera cinaboola matumbo, ndipo anamwalira. M'caka ca 2009 bwalo la milandu linapeza dotoloyo wolakwa. Mayiyu anali ndi ndalama, anali ndi ulemu, anapita ku cipatala ca ku Ulaya. Zonsezi sizinamuteteze.

Wina anganene kuti izi ndi za anthu olemera, ife alimi sizitikhudza. Iai, zimatikhudza. Ife tiribe ndalama za opaleshoni, koma m'misika tiri ndi mafuta oyeretsa khungu. Ena mwa mafutawa ali ndi mankhwala ochedwa hydroquinone, ena ali ndi mercury. Poyamba nkhope imayera, munthu nakondwa. Pakapita zaka khungu limapyapyala, m'masaya mumatuluka mabanga akuda osacoka. Mercury amaononga impso, ndipo amafika kwa mwana amene ali m'mimba. Dziko la South Africa linaletsa hydroquinone m'mafuta odzola m'caka ca 1990. Wogulitsa pamsika sanena zimenezi. Iye amangoonetsa cithunzi ca pabotolo. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ngozi ina iri mumtima. Wogula mafuta aja sagula mafuta okha. Amayembekeza kuti mwamuna wocoka abwerera, kuti anzake aleka kumuseka, kuti apeza banja. Mpeni ndi mafuta zingasinthe khungu, koma sizingasinthe mtima wa munthu wina. Cotero ambiri amakhumudwa ngakhale nchito itayenda bwino, ndipo amafuna kuonjezanso.

Tisafulumire kumuweruza munthu wotere. Ndani anamuuza kuti khungu lakuda ndi loipa? Atsamunda ananena conco, ndipo ife tikubwerezabe mauwo pacitsime ndi pamowa. Tikaseka mtsikana cifukwa ca kuda, ndife amene tamutuma kumsika.

Tisatinso opaleshoni iriyonse yokonza maonekedwe ndi yoipa. Mwana wobadwa ndi mlomo wong'ambika amavutika kuyamwa ndi kulankhula. Wopsa ndi moto zala zake zingathe kumatana, khasu osaligwira. Otere tisawabise m'nyumba. Tipite nao ku cipatala ca ku Fingoè, kumene angatiuze njira ya ku cipatala cacikulu ca ku Tete. Pamenepo mpeni ukubweza cimene cinasowa.

Thupi ndi la mwini wake, ndipo wamkulu amasankha yekha. Koma kusankha osadziwa ngozi si kusankha, ndi kunyengedwa. Dotolo wabwino amanena zoona zonse asanagwire mpeni: cimene angathe, cimene sangathe, ndi cimene cingalakwike. Wolonjeza zabwino zokhazokha timucenjerere. Ifenso tisacite manyazi kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Tikuphunzira kuwerenga. Tiyeni tiziwerenga zolembedwa pabotolo tisanadzole, ndi pepala la ku cipatala tisanasaine.

Mafunso

1. Kodi mpeni wociritsa umasiyana bwanji ndi mpeni wokongoletsa?
2. Mafuta oyeretsa khungu amaononga ciani m'thupi?
3. Ndi mau otani amene timanena m'mudzi mwathu amene amacititsa munthu kudana ndi khungu lake?