Mbamu za wodwala

Caka cina m'mwezi wa Juni, tikukumba kacewere ku Domwe, tinkagona anthu asanu mumsasa umodzi wa udzu, atatu a ku Ulongwe, awiri a ku Lizulu. Ufa tinkasonkha, mphika unali umodzi. Mnzathu wina anadwala malungo, masiku anayi osagwira khasu. Kodi adye nawo? Ena anati ufa ndi wa okumba. Ine ndinamuitanira ku mbale, koma ndisaname, mbamu zake ndinkaziwerenga.

Kodi kupatsa kowerengera ndi kupatsa? Ine ndikuti inde, pakuti nsimayo inamudzutsa ngakhale mtima wanga unkanyinyirika. Cimene cimandisowetsa tulo ndi cina. Tsiku lolandira malipiro, mwini munda anamudula masiku anayiwo, ndipo tonse, ine ndemwe, tinangoyang'ana pansi.